Amwas: mudzi umene timaudziwa ndi dzina la mliri

Bismillahir Rahmanir Rahim. Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, aliyense amene anakhalapo pamkeka wa madrasa mpaka kufika pa phunziro la ukhalifa wa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye) analimvapo dzina lakuti Amwas. Nthawi zonse dzinali limabwera litamangiriridwa ku liwu lina: Ta'un Amwas, mliri wa ku Amwas. Ana athu amaloweza chaka chake, amaloweza mayina a maswahaba amene anamwalira nawo, mayeso akatha n'kupita pamutu wina. Mukawafunsa kuti Amwas n'chiyani, ambiri amayankha kuti ndi matenda, monga mmene tinenera kolera kapena chikuku. Koma Amwas unali mudzi wa ku Palestine, wokhala ndi zitsime, minda ya tirigu, mzikiti ndi manda. Anthu anakhalamo mpaka mu Juni 1967, dziko lathu lino lisanakwanitse n'komwe zaka zitatu lili pa ufulu wodzilamulira.

M'mausiku ano a Ramadhan ma imamu athu akamakweza manja pa qunut, sakuiwala kutchula Palestine, ife n'kumavomera kuti ameen. Ndi bwino kutero. Koma Palestine ndi dzina lalikulu, ndipo munthu samva chisoni chenicheni ndi dzina lalikulu. Dziko limapangidwa ndi midzi. Tiyeni tsono tiudziwe mudzi umodzi wokha, pamene unali, amene anakhalamo, ndi kuchuluka kwawo.

Amwas, umene mabuku ena amalemba kuti Imwas, unali pamalo pamene mapiri a al-Quds (Jerusalem) amathera n'kuyamba chigwa chotsetserekera ku nyanja ya Mediterranean. Kuchokera ku al-Quds ndi mtunda wosapitirira makilomita 30 chakumadzulo. Msewu wakale wochokera kudoko la Jaffa kukwera ku al-Quds unkadutsa pomwepo. Pamalopa panalinso akasupe ndi nthaka yabwino. Zinthu ziwirizi, madzi ndi msewu, ndizo zafotokoza mbiri yonse ya mudziwu: madzi ankaitana alimi, msewu unkaitana asilikali. Aliyense wofuna kulanda al-Quds kuchokera kunyanja, kapena kuuteteza, ankayenera kugwira kaye pakhomo pamenepa.

Chisilamu chisanafike, malowa ankatchedwa Emmaus. Aroma anautentha mudziwu, kenako anaumanganso, ndipo cha m'ma 221 unakwezedwa kukhala mzinda n'kupatsidwa dzina lachigiriki lakuti Nicopolis, kutanthauza mzinda wa chipambano. Akhristu ambiri akale ankakhulupirira kuti awa ndiye malo a Emau wotchulidwa m'buku la Luka, choncho anamangapo tchalitchi chachikulu chimene mabwinja ake alipo mpaka lero. Ife chikhulupiriro chathu pa Isa (mtendere ukhale pa iye) n'chosiyana ndi chawo, koma n'kofunika kudziwa kuti anzathu achikhristu nawonso malowa amawalemekeza. Chodabwitsa n'chakuti dzina la boma lija, Nicopolis, silinamere mizu. Alimi a m'deralo anapitiriza kutchula dzina lakale, ndipo Aarabu atafika analimva pakamwa pa alimiwo n'kulitchula kuti Amwas.

Asilamu atapambana pa Yarmouk mu 636, ndipo al-Quds atapereka makiyi ake kwa Umar, asilikali a Chisilamu anamanga misasa m'madera angapo a Sham. Umodzi mwa misasa ikuluikulu ya ku Palestine unali pa Amwas, pa zifukwa zomwe zija za madzi ndi msewu. M'chaka cha 18 AH, chomwe ndi 639, ngakhale olemba mbiri ena amati 17 AH, mliri unabuka pamsasapo n'kufalikira ku Sham konse. Ta'un ndi nthenda imene masiku ano tikudziwa kuti imayenda ndi nthata za makoswe. Wodwala amatentha thupi kwambiri, amatuluka zotupa ngati mwanabere m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche, ndipo ambiri ankamwalira m'masiku owerengeka. Sinali nthenda yachilendo m'maiko amenewo. Inayamba kuvuta mu ufumu wa Aroma mu 541, m'nthawi ya mfumu Justinian, ndipo inkapita n'kumabweranso kwa zaka pafupifupi 200. Msasa wa asilikali, pamene anthu athithikana ndipo pali nkhokwe za tirigu zoitana makoswe, unali ngati udzu wouma pafupi ndi moto. Chaka chomwecho ku Hijaz kunali chilala ndi njala yoopsa imene timaitcha Am al-Ramada, chaka cha phulusa. Khalifa anali ndi maliro mbali zonse ziwiri.

Nkhani ya ulendo wa Umar ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, ndipo ndi yoyenera kuifotokoza mwachifatse. Iye ananyamuka ku Madina kupita ku Sham, ndipo atafika pamalo otchedwa Sargh anakumana ndi atsogoleri a asilikali, Abu Ubayda ibn al-Jarrah ndi anzake, amene anamuuza za mliriwo. Umar sanagamule yekha. Anaitana ma Muhajirun oyambirira, iwo anasiyana maganizo: ena anati tatuluka pa ntchito ya Allah, tisabwerere, ena anati uli ndi otsala a maswahaba a Mtumiki, usawalowetse m'moto. Anaitana ma Ansar, nawonso anagawikana chimodzimodzi. Pomaliza anaitana akuluakulu a Chiquraish, ndipo awa onse anagwirizana kuti abwerere. Umar atalengeza kuti m'mawa akutembenuka, Abu Ubayda anamufunsa ngati akuthawa chikonzero cha Allah. Umar anayankha kuti akadakonda funsolo likadachokera kwa munthu wina, navomera kuti akuchokadi ku chikonzero cha Allah, koma kumene akupitako nakonso ndi ku chikonzero cha Allah. Anapereka fanizo la m'busa wa ngamira amene wafika pachigwa cha mbali ziwiri, ina ya msipu ina youma: kulikonse kumene angadyetse ziweto zake, wadyetsa mwa chikonzero cha Allah. Apa m'pamene anatulukira Abdur-Rahman ibn Awf, yemwe anali atachokapo pa zifukwa zina, n'kunena kuti iye anamva Mtumiki (swalla Allahu alaihi wa sallam) akulamula kuti anthu asalowe m'dziko limene amva kuti muli mliri, ndiponso amene mliri wawapeza ali momwemo asatuluke pothawa. Umar anathokoza Allah nabwerera ku Madina.

Hadith imeneyi tinaimva kwambiri m'misikiti yathu mu 2020, matenda a Covid-19 atafika, pamene tinkakangana za kutalikirana pa swala ndi kuchepetsa anthu pa Jumu'a. Ambiri amene ankaitchula sankadziwa kuti mkangano wathuwo maswahaba anaukangana kale chifukwa cha mudzi umodzi wa ku Palestine, ndipo palibe mwa iwo amene anamutcha mnzake wopanda chikhulupiriro.

Abu Ubayda anabwerera kwa asilikali ake. Olemba mbiri amasimba kuti Umar anamulembera kalata yomuitana ku Madina pa nkhani yofulumira, koma iye anazindikira kuti Khalifa akungofuna kumupulumutsa, ndipo anapempha kuti amulole kukhala ndi anthu ake. Mliri unamutenga. Uyu ndi munthu amene Mtumiki anamutcha wokhulupirika wa ummah uno, mmodzi mwa khumi amene anauzidwa nkhani yabwino ya Jannah akadali moyo. Utsogoleri unapita kwa Mu'adh ibn Jabal, mphunzitsi ndi woweruza amene Mtumiki anamutumiza ku Yemen, wodziwa kwambiri za halal ndi haram. Mu'adh anaika m'manda mwana wake Abdur-Rahman, kenako iyenso anamwalira asanakwanitse zaka 40. Anapitanso Shurahbil ibn Hasana ndi Yazid ibn Abi Sufyan, awiri mwa atsogoleri anayi amene Abu Bakr anawatumiza ku Sham. Allah asangalale nawo onse. Wachinayi wotsala, Amr ibn al-As, anauza anthu kuti mliriwu ukuyaka ngati moto, choncho abalalikire m'mapiri. Anthu anamwazikana, ndipo nthendayo inayamba kuzilala. Onani kuti Amr sanaswe lamulo la Mtumiki: anthu sanathawire kudziko lina kukafalitsa nthenda, anangoleka kuunjikana pamodzi.

Olemba mbiri akale amati Asilamu okwana 25,000 anamwalira. Chiwerengero chimenechi n'cha Sham yense, osati Amwas wokha, koma taganizirani kuti nthawi imeneyo Asilamu ku Sham anali ochepa bwanji. Imfa zinachuluka kotero kuti chuma chamasiye chinasokonekera: munthu ankamwalira, womulowa m'malo n'kumwaliranso asanalandire gawo lake, wachitatunso chimodzimodzi. Mliri utatha, Umar anapita yekha ku Sham, ndipo imodzi mwa ntchito zake inali kulongosola mirath ya omwalirawo kuti aliyense wotsala alandire chake. Zotsatira zina zinafika patali kwambiri. Yazid atamwalira, Umar anaika m'bale wake Mu'awiya pa udindo wa ku Damascus. Mu'awiya anakhazikika ku Sham zaka pafupifupi 20, ndipo mu 661 anakhala Khalifa woyamba wa banja la Umayya, limene linalamula mpaka 750. Allah yekha ndiye adziwa mmene mbiri yathu ikadayendera akuluakulu aja akadakhala ndi moyo.

Amwas sunabwererenso pa ulemerero wake. Likulu la chigawo linapita ku Lydda, kenako ku Ramla, mzinda watsopano umene Sulayman ibn Abd al-Malik anaumanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 700. Al-Muqaddasi, katswiri wa za maiko wobadwira ku al-Quds, analemba cha m'ma 985 kuti Amwas unali likulu kalekale koma anthu anasamukira kufupi ndi nyanja chifukwa cha vuto la zitsime. Mzinda unafota n'kukhala mudzi. Ankhondo a mtanda ochokera ku Ulaya atalanda al-Quds mu 1099 anamanga tchalitchi chaching'ono pa mabwinja a chachikulu chija, ndi linga pa Latrun, phiri loyandikana ndi mudziwu. Salahuddin anawachotsa, ndipo linga lija analigumula. Maufumu ankasinthana pamsewupo, alimi akulima.

Kuyambira apa tiyamba kupeza manambala. Kaundula wa msonkho wa boma la Ottoman wa 1596 analemba mabanja 24 pa Amwas, onse Asilamu. Tikawerengera anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi pa banja, sakufika n'komwe 150. Kwathu kuno tikanati ndi mudzi wa nyakwawa imodzi. Komabe kamudzi kameneka kanasunga chikumbumtima cha zimene zinachitika zaka pafupifupi 1,000 m'mbuyo mwake. Panali chitsime chimene anthu ankachitcha Bir al-Ta'un, chitsime cha mliri, ndipo Mfalansa wina wofufuza zakale, Charles Clermont-Ganneau, anamva dzinali kwa eni mudzi m'zaka za m'ma 1870. Panalinso maqam, kanyumba ka chikumbutso, ka Sheikh Ubayd, kamene anthu ankakalumikiza ndi Abu Ubayda, ndi kena paphiri kolumikizidwa ndi Mu'adh. Apa tiyenera kunena mosamala: manda odziwika a maswahaba awiriwa ali ku chigwa cha Jordan, ndipo kupempha kwa omwalira si chiphunzitso chathu. Chimene tikuonapo ife n'chakuti alimi osauka, ambiri osadziwa kulemba, sanalole kuti mayina a anthu amene anafera m'dziko lawo aiwalike.

Angerezi atalanda Palestine m'manja mwa Ottoman kumapeto kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anachita kalembera. Mu 1922 anapeza anthu 824 pa Amwas. Mu 1931 anali 1,029. Mu 1945 anafika 1,450, ali ndi malo okwana madunamu 5,151, omwe ndi mahekitala oposa pang'ono 500. Kalembera wa boma la Jordan wa 1961 anapeza anthu 1,955. Pa zaka 39 zokha mudzi unachulukana kuposa kawiri. Manambala amenewa amaoneka ouma, koma aliyense amene anaonapo mudzi wa kwawo ukukula adziwa tanthauzo lake: ana amene kale akadamwalira ali makanda tsopano akukula, anyamata akumanga nyumba pambali pa za makolo awo, minda ikugawidwa n'kumachepa, mzikiti ukuchepa pa tsiku la Eid. Ankalima tirigu ndi barele m'chigwa, azitona, nkhuyu, mphesa ndi amondi m'mapiri. Pafupi nawo pa Latrun panali amonke achikatolika a chipani cha Trappist, amene anakhazikika pamenepo mu 1890, ndipo ankakhala nawo mwamtendere.

Msewu uja unawabweretseranso tsoka mu 1948. Asilikali a Jordan anagwira Latrun n'kutseka njira yopita ku al-Quds. Ankhondo a Israel anayesa kangapo kuwachotsa koma analephera ndipo anataya anthu ambiri, mpaka anachita kulambula msewu wina wozungulira m'mapiri. Pa mgwirizano woleka nkhondo wa 1949, Amwas unatsala mbali ya Jordan, m'dera limene lero timalitcha West Bank, koma pamphuno penipeni pa malire. Gawo lina la minda ya m'chigwa linagwera m'chigawo chapakati chimene sichinali cha aliyense, kumene mlimi ankaika moyo pachiswe akapita kukalima. Anthu a m'mudzi wa Latrun, umene unagwera m'chigawo chomwecho, anasamukira ku Amwas. Choncho ena mwa anthu 1,955 aja anali othawa kale kamodzi.

Nkhondo ya masiku asanu ndi limodzi inayamba pa 5 Juni 1967. Asilikali a Israel analowa m'dera la Latrun m'masiku awiri oyambirira, asilikali a Jordan atachokamo. Anthu a ku Amwas ndi a midzi iwiri yoyandikana nayo, Yalu ndi Bayt Nuba, analamulidwa kuti atuluke nthawi yomweyo alunjike ku Ramallah, ulendo wa makilomita pafupifupi 30 wapansi, wokwera mapiri, m'nyengo yotentha. Anatuluka ndi zovala za m'thupi, amayi atanyamula ana, poganiza kuti abwerera nkhondo ikatha. Atayesa kubwerera anapeza asilikali atatseka njira, nyumba zikuphulitsidwa ndi mabomba, mabuludoza akusalaza zotsala. Opulumuka amasimba za nkhalamba ndi olumala amene sanathe kuyenda, n'kufera m'nyumba zawo. Midzi itatu yonse inafafanizidwa, ndipo anthu zikwi zingapo anasanduka othawa. Mkulu wa asilikali a Israel nthawi imeneyo anali Yitzhak Rabin. Chifukwa chimene akuluakulu a Israel anapereka n'chakuti midziyo inali pamalo oopsa, poyang'anira msewu wa ku al-Quds, ndiponso kuti makomando a Egypt anadutsa m'deralo. Koma nyumba zinagumulidwa kumenyana m'deralo kutatha, ndipo eni ake anali alimi. Chilungamo chikutilamula kunenanso ichi: umodzi mwa maumboni amphamvu a zimene zinachitika unachokera kwa msilikali wa Israel yemwe, wolemba nkhani Amos Kenan, amene anali m'gulu lolondera pa Bayt Nuba ndipo analemba lipoti lodzudzula zimene anaona, za ana ndi okalamba akubwezedwa panjira atayenda masiku angapo.

Apa m'pamene mbiri ya mudziwu imatipweteka mtima tikaiika pamodzi. Mliri unapha anthu ochuluka kwambiri kuposa amene anafa mu 1967, komabe mliri utapita otsala anabwerera kuzitsime zawo, Khalifa anabwera kudzagawa chuma chamasiye, ndipo mudzi unapitirira zaka zina zoposa 1,300. Mu 1967 anthu ambiri anapulumuka ndi moyo, alowam'malo alipo, ena akusungabe mapepala a minda yawo, koma palibe mirath imene ingagawidwe chifukwa mwini munda saloledwa kukhalanso pamunda pake. Ana ndi zidzukulu za anthu a ku Amwas lero ali ku Ramallah ndi midzi yozungulira, ambiri ali ku Jordan, ena anamwazikana m'maiko akutali. Akafunsidwa kwawo amatchulabe Amwas, monga mmene mwana wobadwira ku Johannesburg amatchulira mudzi wa agogo ake ku Mangochi. Kusiyana kwake n'kwakuti wathuyu akhoza kukwera basi n'kukaupeza mudziwo.

M'zaka za m'ma 1970 bungwe la Jewish National Fund linasonkhetsa ndalama kwa anthu a ku Canada n'kusandutsa malo a Amwas ndi Yalu kukhala nkhalango yopumulirako, yotchedwa Canada Park. Pa malo a Bayt Nuba panamangidwa mudzi wa Aisraeli wotchedwa Mevo Horon. Mupakimo anabzalamo mitengo ya paini, anaikamo mabenchi ndi malo ootchera nyama, ndipo mabanja amapitako kukacheza pa masiku a tchuthi. Zikwangwani za m'menemo zinkafotokoza za Ayuda akale, za Aroma ndi za ankhondo a mtanda, koma za anthu amene anachotsedwapo dzulodzuloli zinali chete. Bungwe lina la Aisraeli lotchedwa Zochrot, limene ntchito yake ndi kukumbutsa anthu a mtundu wawo za midzi ya Apalestina imene inagumulidwa, linatengera nkhaniyi kukhoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu 2006 zikwangwani zotchula midziyo zinaikidwa. Sipanapite nthawi, anthu osadziwika anaziwononga.

Mlimi akalowa m'pakimo sasowa chikwangwani. Pakati pa mitengo ya paini pali mikuyu, azitona ndi amondi zimene palibe wa nkhalango anabzala. Pali mizere ya chomera chaminga cha masamba okhuthala chimene Apalestina ankachingira nacho minda yawo. Buludoza ikachidula chimaphukanso, ndipo chimasonyezabe pamene panathera munda wa uje n'kuyamba wa uje. M'Chiarabu cha kumeneko dzina lake ndi sabr, liwu lomwe lija timalitchula tsiku lililonse m'mwezi uno. Manda a mudziwo akuonekabe m'tchire, miyala ina itasweka. Maqam ya Sheikh Ubayd nayo idakaima. Ofukula zakale atakumba pansi pake anapeza kuti kanyumbako kanali nyumba yosambiramo ya m'nthawi ya Aroma, ya mzinda uja wa Nicopolis, imene anthu a m'mudzimo anaisandutsa chikumbutso cha Abu Ubayda.